Kasinthidwe ka mabatani onyenyeka a zochunira pa gitala yakale

Anthu amene ali ndi magitala akale amandifunsa funso limodzimodzi kawirikawiri: batani la chochunira lasweka m'manja pamene amachuna, ena asanu aja achita ming'alu, ndiye kodi agule zochunira zatsopano? Nthawi zambiri yankho langa limakhala lakuti ayi, chifukwa chimene chawonongeka ndi pulasitiki yekha, pamene zitsulo zake zikhoza kugwirabe ntchito zaka zambiri zikatsukidwa ndi kuthiridwa mafuta. Zochunira zamakono zotsekedwa zimafuna mabowo a mamilimita 10 pamutu pa gitala, amene ndi aakulu kuposa a magitala ambiri akale, ndipo zimafunanso mabowo ena a masikuluwu. Mukakuza mabowo amenewo simungathe kubwezeretsanso thabwa limene lachoka, mutu wa gitala umalemera, ndipo mtengo wa gitalayo umatsika kwa aliyense wodziwa magitala akale. Ndalemba malangizowa kuti musinthe mabatani okha ndi kusunga zochunira zimene gitalayo inabwera nazo.

Tiyambe tamvana mayina. Chochunira ndi chipangizo chonse chimene ena amachitcha kiyi. Batani ndi kachogwirira kamene mumakapotokola ndi zala. Shafiti ndi kachitsulo kamene kalowa m'batani, ndipo kumapeto kwake kwina kuli mazinga amene amazunguza giya. Giyayo ndi imene imazunguza kamzati kokulungapo nsambo. Pa magitala ambiri akale zochunira zitatu zimakhala pa chitsulo chimodzi chachitali, chimene ndizichitcha puleti.

Vuto la mabataniwa limapezeka kwambiri pa magitala a ku America a zaka za m'ma 1930 mpaka m'ma 1960, monga a Gibson amene ankapangidwa ku Kalamazoo, a Martin a ku Nazareth m'chigawo cha Pennsylvania, ndiponso otsika mtengo a Harmony ndi Kay a ku Chicago. Ambiri mwa magitalawa ankaikidwa zochunira za kampani ya Kluson ya ku Chicago komweko, kapena za Waverly, ndipo Gibson J-45, imene inayamba kupangidwa mu 1942, ndi imodzi mwa magitala odziwika ndi mabatani onyenyeka. Kuno kwathu mukhoza kukumananso ndi magitala a Gallotone a ku South Africa, a m'nyengo imene anthu ankabwera ndi magitala pochokera ku Joni, ndipo njira yomweyi imagwira ntchito ngati mabatani ake ali a pulasitiki womatirira pa shafiti.

Mabatani a nthawi imeneyo ankapangidwa ndi seluloidi kapena mapulasitiki ena oyambirira. Seluloidi ndi msanganizo wa mankhwala awiri otchedwa nitrocellulose ndi camphor, ndipo akakalamba amafota, amasanduka wachikasu kapena wofiirira, amachita ming'alu mkati, kenaka amayoyoka ngati shuga wogwirana. Pamene akuwola amatulutsa mpweya umene ukakumana ndi chinyezi umasanduka asidi, ndipo asidi ameneyu ndi amene amadyetsa dzimbiri mashafiti, nsambo ndi masikuluwu apafupi. Kuwolaku kukayamba sikuima, ndipo kumafulumira gitala ikamakhala yotsekeredwa m'bokosi lake. N'chifukwa chake kumata batani lotere ndi guluu n'kutaya nthawi, pakuti guluu amagwira pamwamba pokha pamene mkati mukupitirira kuwola. Dziwaninso kuyambira pano kuti seluloidi amayaka msanga ndiponso mwamphamvu, choncho batani lakale lisayandikire moto kapena chitsulo chotentha.

1. Yang'anani mtundu wa mabatani amene muli nawo. Ngati pansonga pa batani pali kasikuluwu, ngati mmene zilili pa zochunira za Grover Rotomatic, Schaller kapena Gotoh zotsekedwa, ntchito yanu ndi yochepa: masulani kasikuluwuko, sololani batani, sungani mawashala mu dongosolo limene munawapeza, ndipo vekani batani latsopano la kampani ndi mtundu womwewo. Ngati batani ndi lachitsulo, musalikhudze, chifukwa silinyenyeka ndipo limamangidwa mwa njira ina. Malangizo otsatirawa ndi a batani la pulasitiki lopanda sikuluwu, limene linaumbidwira pa shafiti kufakitale. Mukapeza kuti batani limodzi lokha ndi limene lasweka chifukwa chogunda, ndipo ena asanu ndi osalala, olimba ndi opanda dzimbiri m'munsi mwake, sinthani limodzilo. Koma ngati ena ayamba kufota kapena kuonetsa ming'alu, sinthani onse asanu ndi limodzi nthawi imodzi, chifukwa nawonso ali m'njira yomweyo.

2. Yezani musanaphwanye kanthu, ndipo pezani mabatani atsopano. Sankhani batani limene lawonongeka pang'ono kuposa ena, ndipo lembani utali wake, mulifupi mwake, kunenepa kwake, ndi mpata umene uli pakati pa tsinde la batani ndi puleti kapena chivundikiro cha giya. Mpata umenewu ndi wofunika kwambiri, chifukwa ndi umene udzakuuzani polekezera polowetsa batani latsopano. Kumbukirani kuti batani lakale linafota, kotero latsopano likhoza kuoneka lokulirapo pang'ono, ndipo zimenezo si vuto malinga ngati mabatani oyandikana sakugundana mukawatembenuza onse chopingasa. Ogulitsa zipangizo za amisiri a magitala, monga StewMac ya ku Athens m'chigawo cha Ohio, amagulitsa mabatani opangidwa mofanana ndi a Kluson ndi a Waverly, oyera ndiponso otuwirako. Poitanitsa, werengani bwino kapena funsani ngati batanilo ndi la pulasitiki wosungunuka ndi kutentha kapena ndi lofuna guluu, ndipo gulani awiri kapena atatu owonjezera oti muphunzirirepo. Ngati kuitanitsa n'kovuta, zochunira zotha ntchito za gitala ina yotsika mtengo zikhoza kukupatsani mabatani, ndipo mmisiri wosema akhoza kukupangirani a fupa kapena a mtengo wolimba monga phingo, amene amaikidwa ndi guluu monga ndafotokozera pa nambala 8.

3. Chotsani nsambo ndi zochunira. Jambulani kaye mutu wa gitala kutsogolo ndi kumbuyo ndi foni. Ngati batani latheratu, masulani nsambo pozunguza shafiti ndi pulayazi imene mwaikulunga kansalu, ndipo musadule nsambo idakali yokungika. Pa magitala amene nsambo zake zimamangidwa kuchitsulo cha kumatako kwa gitala, monga a Harmony ndi a Gallotone ambiri, kathabwa kotsamirapo nsambo sikamatidwa, ndipo kamagwa nsambo zikachoka. Yezani ndi kulemba mtunda wochokera pa fureti ya nambala 12 (mafureti ndi tizitsulo topingasa ta pakhosi pa gitala) kufika pa kathabwako mbali zonse ziwiri, kuti mudzakabwezere pamalo pake. Musamate tepi yamphamvu pa vanishi wakale poika chizindikiro, chifukwa pomatula imachoka naye.

Masikuluwu a zochunira zakale ndi aang'ono, ambiri ali ndi mzere umodzi pamutu, ndipo dzimbiri limakhala litawafooketsa. Gwiritsani ntchito sikuludiraiva imene ikudzaza mzerewo ndendende, ikanikizeni pansi mwamphamvu, ndipo potokolani pang'onopang'ono. Sikuludiraiva yaing'ono kapena yotha kunsonga imaphwanya mutu wa sikuluwu kapena imaterereka n'kukanda thabwa. Bayani masikuluwu pa katoni mu dongosolo la mabowo ake, kuti iliyonse idzabwerere kwawo. Puleti ikakakamira pa vanishi, musaitukule ndi chitsulo, koma kankhani timizati tonse titatu mofanana kuchokera kutsogolo ndi zala kapena ndi kathabwa. Timphete tachitsulo ta m'mabowo a kutsogolo tisiyeni mmene tilili ngati tili tolimba, koma samalani kuti tolobodoka tisagwe n'kusowa. Lembani kuseri kwa puleti iliyonse ndi pensulo kuti iyi ndi ya mbali ya nsambo zonenepa, iyi ndi ya zowonda, chifukwa mukazisinthanitsa zochunira zimazungulira chobwerera. Mukatero, chotsani gitala pa tebulo logwirirapo ntchito n'kukaiika m'chipinda china. Vanishi wa magitala akale ambiri ndi wa nitrocellulose nayenso, ndipo amawonongeka ndi kutentha, ndi sipiriti, ndi acetone (mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo), ngakhale ndi kadontho kamodzi ka supagulu.

4. Phwanyani mabatani akale. Valani magalasi oteteza maso, ikani batani pakati pa milomo ya vayisi kapena ya pulayazi yaikulu, ndipo finyani pang'onopang'ono mpaka lisweke. Lowola kwambiri limayoyoka lokha. Limene likadali lolimba lidulidwe pang'onopang'ono ndi pulayazi yodulira waya kuyambira m'mphepete, mosamala kuti mano a pulayazi asalume shafiti. Cholakwa chofala apa ndi kugwira batani ndi pulayazi n'kumalipotokola kapena kulikoka ngati mukuzula msomali, zimene zimapinda shafiti ndi kumasula timapini timene tagwira chivundikiro cha giya. Cholakwa china, choopsa kuposa ichi, ndi kuwotcha batani kuti lisungunuke lichoke. Sesani zinyenyeswazi zonse ndi kuzitulutsa panja musanayatse chilichonse, ndipo musazitaye pamoto.

5. Tsukani shafiti ndi magiya. Batani likachoka mudzaona kuti nsonga ya shafiti si yobulungira yonse: inaphwanyidwa kukhala yafulati, kapena ili ndi timakutu tiwiri totulukira m'mbali. Timakutu timeneti ndi timene timagwira pulasitiki kuti batani lisamazungulire lokha, choncho musatipale ndi tupa pofuna kuti batani latsopano lilowe mosavuta. Chotsani dzimbiri ndi zotsalira za pulasitiki ndi burashi ya waya wa mkuwa kapena ndi sitiliwulu wosalala, mpaka chitsulo chiyere pa gawo lonse lolowa m'batani. Nthawi zambiri pa shafiti pamatsala mzere woonetsa pamene batani lakale linkalekezera, ndipo ndi bwino kuuyerekeza ndi muyeso umene munalemba.

Girisi wakale amauma n'kulimbitsa magiya. Msungunuleni ndi benzini ndi mswachi wakale, panja kapena pafupi ndi zenera lotsekula, ndipo siyani zochunira ziume kotheratu, makamaka zotsekedwa, musanaziyandikize ku kutentha. Musathire mafuta atsopano panopa, chifukwa akayenderera pa shafiti amalepheretsa pulasitiki ndi guluu kugwira. Ngati shafiti ina ndi yopindika, ino ndiyo nthawi yoiwongola, batani lisanalowe: igwireni ndi vayisi pafupi ndi puleti, vekani kapaipi kakang'ono kunsonga kwake, ndipo ikankheni pang'onopang'ono kamodzi kapena kawiri. Kuipinda uku ndi uku kambirimbiri kumaithyola. Onaninso ngati chochunira chilichonse chikuzungulira bwino, chifukwa chimene chili cholimba chidzathyola batani latsopano monga chinathandizira kuthyola lakale.

6. Konzani bowo la batani latsopano. Mabatani ambiri amabwera ndi bowo lobulungira, ndipo bowolo liyenera kufanana ndi gawo lobulungira la shafiti kapena kucheperako pang'ono kwambiri, osati kufanana ndi mulifupi mwa timakutu. Timakutu tidzadzitsegulira tokha njira posungunula pulasitiki. Bowo likachepa kwambiri, pulasitiki wosungunuka amasowa kopita ndipo batani limatupa kapena kung'aluka. Likakula kwambiri, timakutu timasowa chogwira. Ngati mukufunika kulikuza, gwirani biti ya dirilo ndi dzanja kapena ndi chogwirira chaching'ono n'kumaizunguza ndi zala, chifukwa dirilo yamagetsi imakoka pulasitiki mwadzidzidzi n'kutulukira kuseri. Yezani kutalika kwa gawo la shafiti limene lidzalowe, onetsetsani kuti bowo ndi lozama mokwanira, koma pamwamba pa batani patsale pulasitiki wosachepera mamilimita 2 kapena 3. Kulungani katepi pa biti ngati chizindikiro cha kuzama kwake.

7. Tenthetsani shafiti ndi kulowetsa batani. Apa ndi pamene ntchito yonse imakomera kapena kuwonongekera, ndipo ndi pamene malangizo ambiri amangodutsapo ndi mawu ochepa akuti tenthetsani ndi kukankha. Mfundo yoyamba ndi yakuti chotenthetsedwa ndi shafiti, osati batani. Chitsulo chotentha chimasungunula pulasitiki wochepa yekha amene akuchikhudza, pulasitikiyo amayenderera kuzungulira timakutu, ndipo akazizira amagwira molimba popanda guluu aliyense, pamene kunja kwa batani sikusintha.

Chida choyenera ndi soldering iron yonga ya amisiri okonza mawailesi, koma yamphamvu, ya mawati 60 kapena kuposerapo, chifukwa yaing'ono yokonzera mafoni imalephera kutenthetsa shafiti mokwanira. Kumene kulibe magetsi, chitsulo cha mkuwa chotenthetsa pa makala, chimene amisiri okhoma zidebe amawotcherera mtovu, chimagwira ntchito yomweyi bwinobwino. Kamoto ka gasi kamagwiranso, koma kamatenthetsa mofulumira kwambiri kwa munthu amene akuyamba kumene, ndipo kandulo imasiya mwaye umene umadetsa batani loyera.

Musanayatse, konzani zinthu zitatu. Choyamba ndi kagwiridwe: gwirani shafiti yeniyeniyo, pakati pa puleti ndi pamene batani lidzalekezere, ndi pulayazi ya milomo yowonda kapena ndi vayisi yaing'ono, ndipo nsonga ina ya shafiti, ya kumazinga, itsamire pa chinthu cholimba ngati ikuonekera. Kagwiridwe aka kamathandiza pawiri, chifukwa pulayaziyo imamwa kutentha kusanafike ku magiya, komanso mphamvu ya kukankha kwanu imathera pa pulayazi m'malo mothera pa timikono towonda timene tagwira mazinga. Anthu ambiri amene amagwira puleti yokha amadzazindikira pambuyo pake kuti chochunira chayamba kulobodoka. Chachiwiri ndi polekezera: tepi imapsa ndipo mzere wa pensulo suoneka pamene mukufulumira, choncho dulani kathabwa kopyapyala kokhala ndi mpata wolowa shafiti, ndipo kunenepa kwake pamodzi ndi milomo ya pulayazi kufanane ndi mpata umene munayeza pa nambala 2. Batani likadzagunda kathabwako ndiye kuti lafika, ndipo mabatani onse adzakhala pamzere umodzi. Chachitatu ndi kansalu konyowa, kamene kakhale pafupi ndi dzanja lanu.

Kenaka ganizirani za kumene batani liyang'ane, chinthu chimene chimaiwalika kawirikawiri. Batani ndi lotambalala mbali imodzi ndi lopyapyala mbali ina. Timakutu ta shafiti tiyenera kuloza ku mbali yotambalala, kumene kuli pulasitiki wambiri. Mukatilozetsa ku mbali yopyapyala, timafika pafupi ndi khungu la batani, pamatuluka zotupa ziwiri kapena pamabooka kumene. Zunguzani shafiti kuti timakutu tigone mofanana ndi tebulo, ndipo batani nalo muligwire chogona, kuti pa nthawi yolowetsa musaganizenso za zimenezi.

Tsopano gunditsani nsonga ya soldering iron pa gawo lafulati la shafiti ndipo muisiye pomwepo. Nthawi yake imasiyana malinga ndi mphamvu ya chida, kunenepa kwa shafiti ndi kukula kwa pulayazi imene ikumwa kutentha, kotero musadalire wotchi koma kuyesa. Khudzitsani batani limodzi lophunzirirapo kunsonga ya shafiti: likangoterereka osasiya chizindikiro, shafiti sinatenthe, likafewa n'kulowa pang'ono mosavuta, yafika, likatulutsa utsi, kuchita thovu kapena kusiya banga lofiirira, yapyola, ndipo dikirani pang'ono izizireko. Ndimalimbikitsa kwambiri kuti muyambe mwaphunzira pa msomali wonenepa ngati shafitiyo, umene mwauphwanya kunsonga ndi hamala, ndipo muwononge batani limodzi kapena awiri pamenepo. Mukatero dzanja lanu lidzadziwa kulemera kwa kukankha koyenera musanakhudze zochunira zenizeni.

Shafiti ikafika, chotsani chotenthetsera ndipo nthawi yomweyo lowetsani batani molunjika, ndi mphamvu yokhazikika, osaligwedeza ndiponso osalipotokola, chifukwa kupotokola kumasema bowo lobulungira mkati ndipo timakutu timasowa pogwira. Batani liyenera kutsetsereka pang'onopang'ono koma mosaima mpaka ligunde kathabwa. Mukamva likulowa mwaliwiro popanda kulimbalimba kulikonse, chepetsani mphamvu, chifukwa shafiti yotentha kwambiri imatha kutulukira pamwamba pa batani, ndipo ikatero imawotchanso chala. Pachifukwa chimenechi gwirani batani m'mbali, osati kuika chala chachikulu pansonga pake, ndipo ngati muli ndi magulovu achikopa avaleni.

Batani likaima pakati pa njira, musalimenye ndi hamala kapena kulikakamiza ndi vayisi, pakuti pulasitiki wozizira amang'aluka, ndipo mng'aluwo nthawi zina umadzaonekera patapita masiku. Gunditsani soldering iron pa gawo la shafiti limene likadali kunja, mosamala kuti isakhudze batani, uku mukupitiriza kukankha pang'ono, ndipo kutentha kukayenda mudzamva batani likuyambanso kutsika. Ngati mpata ndi wochepa moti chotenthetsera sichingalowe, sololani batani molunjika lisanazizire, palani pulasitiki amene wamatirira pa shafiti, tenthetsaninso, ndipo mulibwezere mmene linalowera poyamba.

Batani likafika, mumakhala ndi kanthawi kochepa pulasitiki asanalimbe. Liyang'aneni kuchokera kutsogolo ndiponso kuchokera m'mbali, chifukwa likhoza kuoneka lowongoka mbali imodzi pamene lapendekera mbali ina, ndipo liwongoleni ndi zala mofatsa. Ligwireni osasuntha, ikani kansalu konyowa pa shafiti kuti kutentha kutsike, ndipo musaliyese polipotokola mpaka chitsulo chizizire moti n'kuchigwira ndi dzanja. Likazizira, zunguzani chochunira n'kuona ngati batani likuvina. Kapulasitiki kamene kafinyikira kunja patsinde kaduleni ndi lezala.

Pa puleti ya zochunira zitatu yambani ndi cha pakati, kuti chotenthetsera chikhale ndi malo mbali zonse, ndipo pochita ziwiri za m'mphepete phimbani batani la pakati ndi kansalu konyowa. Siyani puleti izizire musanapite pa shafiti yotsatira. Gwirani ntchitoyi pamalo podutsa mphepo, chifukwa utsi wa pulasitiki si wabwino kuupuma.

8. Gwiritsani ntchito guluu pa mabatani osasungunuka kapena oyaka. Mabatani a fupa, a mtengo, a pulasitiki wolimba amene safewa ndi kutentha, ndiponso atsopano a seluloidi ooneka ngati mnyanga amene ogulitsa amawatcha ivoroid, ndi bwino kuwaika osatenthetsa. Boolani bowo lofanana ndi gawo lobulungira la shafiti, kenaka semani timipata tiwiri m'mbali mwa bowolo ndi katupa kowonda kwambiri kapena ndi kabiti kakang'ono, molozera ku mbali yotambalala ya batani, mpaka timakutu tilowe mothina pang'ono popanda kukakamiza. Pukutani shafiti ndi benzini, iume, ndipo sakanizani guluu wa machubu awiri, wonga Araldite kapena Pratley, makamaka wouma pang'onopang'ono chifukwa ndi amene amalimba kwambiri ndipo amakupatsani nthawi yowongola. Lowetsani guluu m'bowo ndi kamtengo ka machesi, osadzaza, vekani batani mpaka pa kathabwa kolekezera, pukutani wotuluka, ndipo siyani maola 24 batani lili pansi, puleti ili pamwamba, kuti guluu asatsikire ku magiya. Supagulu sindimulimbikitsa pa ntchitoyi, chifukwa sadzaza mipata, amathyoka akapotokoledwa, ndipo amayenderera msanga mpaka kukamata mazinga. Guluu wa machubu awiri yemweyu amapulumutsanso batani lotenthetsa limene lalobodoka chifukwa bowo linakula.

9. Thirani mafuta ndi kubwezera zochunira. Pa magiya oonekera pakani girisi wochepa kapena Vaseline pa mazinga, ndi kadontho ka mafuta a makina osokera pamene shafiti yadutsa m'timikono. Zochunira za Kluson Deluxe zili ndi kabowo pachivundikiro kolowetsera mafuta. Zunguzani chilichonse kangapo kuti mafuta afalikire, ndipo pukutani otsala onse asanafike pa thabwa. Ngati giya yamangidwa ndi sikuluwu pakati, ilimbitseni pang'ono chabe, chochunira chizizungulirabe momasuka. Bwezerani puleti iliyonse ku mbali yake, ndipo poika sikuluwu yambani mwaizunguza chobwerera mpaka mumve yagwera m'mazinga ake akale a m'thabwa, kenaka muimange ndi dzanja mpaka ingogwira. Bowo limene latha mazinga lidzazeni ndi kamtengo kotokosera mano ndi guluu wa matabwa, liume, mudule chotsala, muboole kabowo kakang'ono kotsogolera, ndipo mubwezere sikuluwu yomweyo m'malo mofuna ina yaikulu. Ikani nsambo zatsopano zopepuka, chifukwa zakale zinadyedwa kale ndi asidi uja, ndipo chunani pang'onopang'ono uku mukumvetsera ngati batani lina likuterereka pa shafiti.

Mabatani atsopano adzaoneka oyera kuposa gitala yonse, ndipo ena amafuna kuwadetsa ndi tiyi, khofi kapena polishi wa nsapato kuti aoneke akale. Pulasitiki samwa bwino zinthu zimenezi, mtundu wake umatsala m'zala, ndipo maganizo anga ndi akuti ndi bwino kungogula otuwirako kuyambira pachiyambi ndi kuwasiya akalambe ndi ntchito. Ngati mudzagulitse gitalayo, muuzeni wogula kuti mabatani ndi atsopano koma zochunira ndi zake zenizeni, ndipo muonetseni zithunzi zimene munajambula musanayambe.

Bokosi la gitala nalo limakhala litamwa mpweya wa seluloidi wowola uja. Kutumulani zinyenyeswazi zonse za mkati, makamaka kumene kumagona mutu, ndipo lisiyeni lotsekula pamthunzi podutsa mphepo kwa masiku angapo musanabwezeremo gitala. Musasunge zidutswa za mabatani akale m'kathumba ka m'bokosimo. Pakapita milungu ingapo yang'anani nsambo zatsopano ndi masikuluwu: ngati zayambanso kuchita dzimbiri pamalo amodzi okha, fufuzani seluloidi wina amene akuwola pafupi ndi pamenepo, makamaka chotchingira zikande cha pansi pa bowo la mawu ndi mkombero wa m'mphepete mwa gitala, chifukwa pa magitala a zaka zimenezo zigawo zimenezinso zinkapangidwa ndi seluloidi.